Mawu a Chisamoa ndi mapu a zilumba za Samoa: momwe ntchito ikuyendera

Ntchitoyi ili ndi mbali zitatu zoyendera limodzi: tebulo la mawu 1,200 a Chisamoa omasuliridwa m'Chichewa, mawu omwewo ojambulidwa kuchokera pakamwa pa eni chiyankhulo, ndi mapu a zilumba zawo za m'nyanja ya Pacific okhala ndi mayina a midzi olembedwa bwino. Zomwe zidalakwika tazilemba momwe zidachitikira, kuti wina wogwira ntchito yonga iyi asadzapunthwe pa chitsa chomwecho.

Sabata yoyamba

Tebulo layamba ndi madanga anayi: nambala, liwu la Chisamoa, tanthauzo m'Chichewa, ndi chiganizo cha chitsanzo. Mawu tikuwatenga m'madikishonale awiri, ya George Pratt, mmishonale wa London Missionary Society, yomwe idatuluka koyamba mu 1862, ndi ya G. B. Milner ya 1966. Ya Pratt ili ndi mawu ambiri omwe adasiya kumveka pakamwa pa anthu, choncho liwu lililonse lochokera m'menemo lizidutsa kaye kwa wolankhula Chisamoa lisanalowe m'tebulo.

Malembo a Chisamoa ndi 14 okha: a, e, i, o, u, f, g, l, m, n, p, s, t, v. Malembo a h, k ndi r amapezeka m'mawu obwereka, monga Kerisimasi. Phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo malembo awiri opanda liwu sagundizana. Kwa Mchewa, kuwerenga mokweza sikuvuta.

Pokhapokha pa g. Lembo limeneli silimveka ngati g wa mu galu, limamveka ngati ng' wa mu ng'ombe. Gagana, kutanthauza chiyankhulo, amati ng'ang'ana. Pago Pago ndi Pang'o Pang'o, ndipo pālagi, mzungu, ndi paalang'i. Azungu amavutika kuyamba liwu ndi kamvekedwe kameneka, pomwe ife tidakulira pa ng'oma ndi ng'ona. Tawonjezera danga lachisanu, la katchulidwe m'malembo a Chichewa.

Pomwe lilime lathu likutipusitsa ndi pa kutalika kwa malembo a liwu. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto osadziwa n'komwe. M'Chisamoa kukoka kumasintha tanthauzo: tama ndi mnyamata, tamā ndi bambo. Paʻu ndi khungu, paʻū ndi kugwa. Oyeserera athu onse amati taama pa mawu awiri oyambawo. Njira yomwe yathandiza ndi kuwerenga kugunda ndi chala patebulo: ta-ma kuwiri, ta-ma-a katatu, mphamvu ili pa ma. Dzina la dziko lenilenilo ndi Sāmoa, a woyamba ndi wautali.

Sabata yachiwiri

Sabata ino yathera pa tizizindikiro tiwiri. Kamzere ka pamwamba pa lembo lokokedwa amakatcha faʻamamafa. Kachizindikiro konga nkhodolero yotembenuzidwa amakatcha koma liliu, ndipo kamaimira kutseka kwa pakhosi komwe timachita pokana kuti a-a. Kwa Asamoa kameneka ndi lembo lopanda liwu lathunthu, lofanana ndi t kapena p. Fai ndi kuchita, faʻi ndi nthochi. Mai ndi kuchokera kapena kuno, maʻi ndi kudwala. Ulu ndi mutu, ʻulu ndi chipatso chachikulu cha mtengo chomwe amaotcha ngati mbatata. Ava ndi mpata wodutsa bwato pa matanthwe a m'nyanja, ʻava ndi chakumwa cha pamwambo, āvā ndi mkazi wa munthu.

Zizindikirozi zidasiyidwa m'masukulu m'zaka za m'ma 1960, ndipo unduna wa maphunziro udazibwezeretsa mu 2012. Zotsatira zake n'zakuti manyuzipepala, zikwangwani ndi mauthenga a pafoni ambiri alibe zizindikiro, eni ake amazindikira liwu poona chiganizo chonse. Wophunzira sangatero.

Vuto loyamba lidachokera ku Excel. Nkhodolero ikakhala koyambirira kwa danga, pulogalamuyi imaitenga ngati lamulo loti zomwe zikutsatira ndi malembo, osati ngati gawo la liwu. ʻUlu adasanduka ulu, ʻava adasanduka ava. Kenako titachotsa mawu obwerezedwa, mizere 31 idapita, chifukwa kompyuta idaona ngati ndi liwu limodzi lolembedwa kawiri. Taibwezeretsa kuchokera pa fayilo ya dzulo lake.

Lachiwiri: Word imasintha yokha nkhodolero yowongoka kukhala yopindikira kumanja kapena kumanzere kutengera pomwe yaima. Tidapezeka ndi faʻafetai wolembedwa m'njira zitatu zooneka zofanana pamaso, koma pofufuza amatuluka mmodzi. Tagwirizana kugwiritsa ntchito chizindikiro chimodzi basi, U+02BB, chomwe Unicode imachiwerenga ngati lembo. Kiyibodi ya Chihawaii, yomwe ilipo kale mu Windows ndi Mac, ili nacho pamodzi ndi malembo a kamzere. Ya Chimaori ili ndi kamzere kokha.

Lachitatu tidadzipalira tokha. Posintha nkhodolero zonse kukhala U+02BB tidaiwala kusankha danga, ndiye ng'ombe, m'nyumba ndi n'chifukwa za m'danga la Chichewa zidasinthika nazo. Kusintha kulikonse kuzichitika pa madanga a Chisamoa okha.

Kamzere nako kali ndi njira ziwiri zokalembera m'kompyuta: ā ngati lembo limodzi, kapena a wotsatiridwa ndi kamzere kapadera. Fayilo yonse tikuidutsitsa mu NFC, njira ya Unicode yofananitsira kalembedwe, isanasungidwe kuti zonse zikhale lembo limodzi. Pa fonti tasankha Noto Sans, chifukwa zina zimaonetsa kabokosi m'malo mwa koma liliu. Danga lachisanu ndi chimodzi lawonjezedwa: liwu lopanda chizindikiro chilichonse, la kufufuzira, poti munthu wolemba Savaii pafoni ayenera kupeza Savaiʻi.

Sabata yachitatu

Kujambula kwayamba, ndi olankhula atatu, awiri a pachilumba cha Upolu m'dziko la Samoa ndi mmodzi wa pachilumba cha Tutuila ku American Samoa. Mafayilo ndi a WAV, 48 kHz, maikolofoni ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, liwu lililonse linenedwe kawiri palokha kenako kamodzi m'chiganizo. Fayilo izitchedwa ndi nambala ya mzere, osati liwu, chifukwa zizindikiro zija zimawonongeka potumizirana.

Mafayilo oyamba atafika, zomwe zidalembedwa ndi zomwe zimamveka sizimagwirizana. Papepala tālofa, m'khutu kālofa. Papepala nofo, kukhala pansi, m'khutu ng'ofo. Wolankhulayo sadalakwitse. Chisamoa chili ndi kayankhulidwe kuwiri. Tautala lelei, ka t, ndi komwe kamalembedwa, kamamveka kutchalitchi, kusukulu, m'nyimbo ndi pa nkhani za pawailesi. Tautala leaga, ka k, kamasintha t kukhala k, n kukhala g, ndi r kukhala l. Faʻafetai, zikomo, amakhala faʻafekai, ndipo tama amakhala kama.

Mayinawo amasocheretsa, poti lelei ndi chabwino, leaga ndi choipa. Munthu angaganize kuti ka k ndi ka m'misika ndi m'mabasi kokha. Ayi ndithu. Kamamveka pakhomo tsiku ndi tsiku, komanso akuluakulu a mudzi akamalankhula pabwalo, pa mfundo zolemera za malo ndi maudindo, nthawi zambiri amalankhula ka k komweko. Kulekanitsa kwake kwenikweni n'kwakuti ka t kamayenda ndi zinthu zomwe zidabwera ndi buku, tchalitchi ndi sukulu kuyambira pomwe John Williams adafika ku Sapapaliʻi mu 1830 n'kulandiridwa ndi Malietoa Vainuʻupo. Mlendo amayembekezeredwa kulankhula ka t, ndipo kusakaniza mitundu iwiriyi m'chiganizo chimodzi kumamveka kosalongosoka.

Chigamulo: liwu lililonse lijambulidwe m'mitundu yonse iwiri, mafayilo azithera ndi t kapena k. Wophunzira azilankhula ka t koma khutu lizolowere ka k, apo ayi akafika ku Apia, likulu la Samoa, sadzamva kanthu. Ntchito yojambula yawirikiza, ndipo danga lachisanu ndi chiwiri ndi la kalembedwe ka k.

Za nthawi: Apia ili patsogolo pa Lilongwe ndi maola 11, Pago Pago, likulu la American Samoa, ili m'mbuyo ndi maola 13. Ikamakwana 8 koloko usiku Lachisanu kuno, ku Apia ndi 7 koloko m'mawa Loweruka, ku Pago Pago ndi 7 koloko m'mawa Lachisanu. Tsiku lomwe tidakonza kujambula Loweruka usiku lidalephereka chifukwa ku Upolu kudali kutacha Lamulungu, tsiku la tchalitchi ndi chakudya cha banja. M'midzi yambiri mulinso sā, nthawi ya mapemphero a madzulo, pomwe belu kapena chigoba cha nkhono chikalira aliyense amakhala chete kwa mphindi zingapo. Kujambula kusagwere nthawi imeneyo.

Sabata yachinayi

Manambala ndi masiku zalowa popanda chovuta: tasi, lua, tolu, fā, lima, ono, fitu, valu, iva, sefulu, kenako selau 100 ndi afe 1,000. Powerenga anthu amaika toʻa patsogolo, toʻalua anthu awiri. Msampha umodzi wokha: Aso Toʻonaʻi ndi Loweruka, koma toʻonaʻi ndi chakudya chachikulu cha Lamulungu masana. Lamulungu ndi Aso Sā.

Sabata yachisanu

Apa ndiye pomwe tebulo lidasweka. Tidaganiza kuti ulemu tiusamalira ndi kachizindikiro kamodzi, liwu wamba kapena la ulemu. Sizikwanira.

Ife timalemekeza ndi a, ndi mu, ndi kuchulukitsa: abwera, mwadya. Mneni amakhala yemweyo. Asamoa amasintha liwu lonse, ndipo liwu losankhidwa limatengera udindo wa munthu wonenedwayo. Mawu amenewa amawatcha gagana faʻaaloalo. Atsogoleri a mabanja, otchedwa matai, ali pawiri: aliʻi, olemekezeka, ndi tulāfale, olankhula pamwambo. Kubwera kwa munthu wamba ndi sau. Kwa aliʻi wamkulu ndi afio mai. Kwa mbusa, mphunzitsi ndi aliʻi ena ndi susū mai. Kwa tulāfale ndi maliu mai. Moni wake amatsata zomwezo: Lau Afioga, Lau Susuga, Lau Tōfā. Nyumba ndi fale, koma ya aliʻi ndi maota, ya tulāfale ndi laoa. Mkazi wa aliʻi ndi faletua, wa tulāfale ndi tausi. Aliʻi akamalankhula amati saunoa, tulāfale amati fetalai, ena tonsefe ndi tautala. Kudya ndi ʻai, mwaulemu tāumafa kapena tausami, ndipo pa mafumu aakulu taute. Mawu ena ali ndi mnzake mmodzi yekha waulemu: igoa ndi suafa pa dzina, maʻi ndi gasegase pa kudwala, moe ndi tōfā pa kugona, iloa ndi silafia pa kudziwa, oti ndi maliu pa kufa.

Lamulo lomwe liyenera kulembedwa pamwamba pa tsamba lililonse: mawu aulemu munthu sadzinenera yekha. Mukafunsidwa kuti ʻO ai lou suafa, muyankhe ndi igoa, ʻO loʻu igoa ʻo uje. Zitsanzo zathu zisanu ndi ziwiri zidali ndi wolankhula akudzipatsa suafa ndi tāumafa, ndipo wowunika adazibweza zonse. Zili ngati munthu kunena kuti ine adya kale.

Danga la ulemu tsopano lili ndi zosankha zisanu: wamba, ulemu wa aliyense, aliʻi, susuga, tulāfale. Mzere uliwonse waulemu ukulozera ku nambala ya mnzake wamba.

Kumasulira matai kwatenga masiku awiri. Mfumu sizikwana, chifukwa mudzi umodzi umakhala ndi matai ambiri, banja lalikulu lililonse, ʻāiga, ndi wake kapena ake. Matai ndi munthu yemwe banja lalikulu lamusankha kunyamula dzina la udindo la banjalo, kuyang'anira malo ake, ndi kuliimira pa fono, msonkhano wa akuluakulu a mudzi. Mwinimbumba ndiye akuyandikirako, ngakhale kuti udindo wa matai ungadzere kwa bambo kapena kwa mayi, ndipo akazi nawo amaulandira. Talemba kuti mwini dzina la banja, n'kufotokoza m'munsi. Tulāfale tidayamba tamulemba nduna, tafufuta: iye ndi matai payekha, ali ndi mphamvu zogawa chuma pamwambo ndi kulankhulira mudzi, atagwira ndodo yaitali ya toʻotoʻo ndi litchowa la fue. Kufunika kwa nkhaniyi kumaonekera pa zinthu ziwiri: pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a nthaka ya dziko la Samoa ndi ya makolo, yoyang'aniridwa ndi matai, ndipo wopikisana pa mpando wa nyumba ya malamulo ku Mulinuʻu ayenera kukhala matai. Mpaka 1990 ovota pa mipando pafupifupi yonse nawonso adali matai okhaokha. Fiamē Naomi Mataʻafa, mayi woyamba kukhala nduna yaikulu mu 2021, dzina loti Fiamē si lobadwa nalo, ndi la udindo.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Ubale. Apa Chichewa chatithandiza kuposa momwe Chingerezi chikadachitira. Tuagane ndi mlongo wa munthu wamkazi, tuafafine ndi mlongo wa munthu wamwamuna, ndipo uso ndi m'bale wofanana naye, mwamuna kwa mwamuna kapena mkazi kwa mkazi. Liwu lathu loti mlongo likugwira mawu awiri oyambawo, uso akugwira mkulu ndi mng'ono pamodzi. Ana nawo amatchulidwa potengera kholo lomwe likulankhula: bambo amati ataliʻi kwa mwana wamwamuna ndi afafine kwa wamkazi, mayi amati tama kwa onse. Pakati pa mwamuna ndi mlongo wake pali pangano la ulemu lotchedwa feagaiga, ndipo liwu lomwelo adalipereka kwa mbusa wa mudzi. Danga latsopano: wolankhula ndi mwamuna kapena mkazi.

Umwini uli pawiri, wa o ndi wa a. Nyumba yanga ndi loʻu fale, buku langa ndi laʻu tusi. Ziwalo za thupi, makolo, nyumba, bwato, dziko ndi zovala zimatenga o. Zinthu zomwe munthu wazipeza, wazipanga kapena akuzilamulira zimatenga a. Loʻu ata ndi chithunzi chomwe ndikuonekamo ine, laʻu ata ndi chithunzi chomwe ndili nacho. Loʻu tamā ndi bambo anga, laʻu tama ndi mwana wanga polankhula mayi. Lamuloli silifika paliponse, ndiye dzina lililonse lipatsidwe o kapena a m'danga lake, monga momwe timalembera gulu la dzina m'Chichewa.

Liwu lathu loti ife lili ndi anzake anayi. Tāʻua, iwe ndi ine. Māʻua, ine ndi wina, iwe ayi. Tātou, tonsefe ndi inu omwe. Mātou, ife popanda inu. Kuitanira mlendo ku chakudya ndi mātou ndiko kumuuza kuti aonerere.

M'chiganizo mneni amatsogola: ʻUa alu le teine i le fale, wapita mtsikana kunyumba. Aneni ambiri amasintha anthu akachuluka, nofo kukhala nonofo, moe kukhala momoe, ndipo alu amasanduka ō. Izi zikufuna danga lawo. Madanga afika 11.

Sabata yachisanu ndi chiwiri ndi yachisanu ndi chitatu

Mapu, mu pulogalamu yojambulira mapu ya QGIS. Zilumbazi ndi za anthu amodzi, chiyankhulo chimodzi, koma mayiko awiri, kuchokera pa pangano la 1899 pomwe Germany ndi United States adagawana potsata mzere wa madigiri 171 kumadzulo. Kumadzulo kwa mzerewo kuli dziko la Samoa, lomwe New Zealand idalanda kwa Germany mu 1914, lidalandira ufulu pa 1 Januwale 1962, ndipo lidachotsa liwu loti Western pa dzina lake mu 1997. Zilumba zake zokhala anthu ndi Savaiʻi, Upolu, Manono ndi Apolima. Savaiʻi ndiye chachikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,700, ndipo phiri la Silisili, lotalika mamita 1,858, lili kumeneko. Upolu ndi chocheperapo, pafupifupi 1,125, koma chili ndi likulu la Apia, bwalo la ndege la Faleolo, ndi anthu atatu mwa anayi alionse a dzikolo. Kalembera wa 2021 adapeza anthu 205,557. Sitima yonyamula anthu ndi magalimoto imayenda pakati pa Mulifanua ndi Salelologa. Kum'mawa kuli American Samoa: Tutuila, Aunuʻu, zilumba zitatu za Manuʻa zomwe ndi Taʻū, Ofu ndi Olosega, kenako Rose Atoll ndi Swains Island. Anthu ake adali 49,710 mu 2020.

Apia ili pa madigiri 13 ndi mphindi 50 kummwera, pafupifupi mzere umodzi ndi Lilongwe, ndipo mvula yambiri imagwa Novembala mpaka Epulo ngati kwathu. Kufanana kumathera pomwepo, chifukwa kumeneko ngakhale miyezi yomwe amati ya chilimwe mvula siisowa, ndipo anamondwe monga Ofa mu 1990, Val mu 1991 ndi Evan mu 2012 adagwetsa midzi.

Kulakwitsa koyamba: midzi 14 idaonekera pakati pa nyanja, kum'mawa kwa Vanuatu. Chifukwa chake ndi kachizindikiro kochotsera komwe kadasowa pa longitude, 171.76 m'malo mwa −171.76. Kwachiwiri: mapu a dziko lonse okhala ndi Greenwich pakati amadula Pacific pa madigiri 180, Samoa n'kukhala kumphepete kwa kumanzere, Fiji kumanja. Pa mapu a zilumba zokha tikugwiritsa ntchito njira yoyalira mapu ya UTM zone 2S, EPSG:32702, yomwe ikukwana mayiko onse awiri.

Mzere wosinthira tsiku tidaujambula pamanja, chifukwa fayilo yomwe tidapeza idali yakale. Samoa idalumpha tsiku la 30 Disembala 2011, kuchoka pa Lachinayi kugwera Loweruka, kuti masiku ake a ntchito agwirizane ndi a New Zealand ndi Australia. Mzerewu tsopano umadutsa pakati pa Upolu ndi Tutuila. Apia ndi Pago Pago zatalikirana makilomita pafupifupi 125, koma kalendala imasiyana tsiku lathunthu. Pa msewu nazonso zimasiyana: Samoa idayamba kuyendetsa kumanzere mu Seputembala 2009, American Samoa ikadali kumanja. Ndalama ndi tālā ku Samoa, dola ya America ku American Samoa.

Maboma a makolo, itūmālō, ndi 11: Aʻana, Tuamasaga, Atua, Vaʻa-o-Fonoti ndi Aiga-i-le-Tai ku Upolu ndi tizilumba take, kenako Faʻasaleleaga, Gagaʻemauga, Gagaifomauga, Vaisigano, Satupaʻitea ndi Palauli ku Savaiʻi. Tidalamula kompyuta kuti mudzi uliwonse utenge boma la dera lomwe waimapo, ndipo idalakwitsa pa Leauvaʻa ndi Salamumu. Midzi iwiriyi ili pa Upolu koma mwa makolo ndi ya Gagaʻemauga ya ku Savaiʻi. Phiri la Matavanu lidaphulika kuyambira 1905 mpaka 1911, chiphalaphala chamoto chidakwirira minda ndi midzi ya kumpoto kwa Savaiʻi, ndipo anthu adasamutsidwira ku Upolu atanyamula mayina ndi maudindo awo. Ku Saleʻaula makoma a tchalitchi chodzaza mwala wakuda akadalipo. Boma la mudzi lizilembedwa pamanja. Maboma amenewa asasokonezedwenso ndi madera a chisankho, omwe ndi ochuluka kwambiri ndipo malire ake amasintha, tawapatsa mapu awoawo.

Mayina obwerezedwa ndi ambiri. Vailoa alipo ku Palauli, ku Aleipata ndi ku Faleata. Matautu alipo pafupi ndi doko la Apia, kumpoto kwa Savaiʻi, ndi kummwera kwa Upolu. Dzina lotere lizilembedwa ndi dera lake nthawi zonse. Olosega wa ku Manuʻa adasakanizika ndi Olohega, lomwe ndi dzina la Chitokelau la Swains Island, kutali kumpoto.

Asamoa polozera njira sakonda kumpoto ndi kummwera, amati tai, cha kunyanja, ndi uta, cha kumtunda. Mayina ambiri amathera ndi mawuwa, monga Vaitele-uta ndi Vaitele-tai. Koma musaike dontho pamapu pongodalira dzina: Fasitoʻouta ndi Fasitoʻotai yonse ili m'mbali mwa nyanja. Kum'mawa chakummwera kwa Upolu kuli vuto lina. Chigumula cha m'nyanja cha pa 29 Seputembala 2009 chitasesa Lalomanu, Saleapaga ndi midzi yoyandikana nayo, mabanja ambiri adamanga kumtunda. Mapu akale amaonetsa nyumba pamchenga. Dontho la mudzi tikuliika pa malae, bwalo la makolo, ndipo malo atsopano tikuwaonetsa ndi chizindikiro china.

Sabata yachisanu ndi chinayi

Panali ganizo loti mudzi uliwonse pamapu ukhale ndi faʻalupega yake, mawu olemekezera omwe amatchula maudindo a mudziwo motsata ukulu wawo. Tulāfale salankhula pamwambo asanawatchule. Taganiza zosiya. Ndondomeko ya mayinawo ndi nkhani yomwe mabanja amakanganirana mpaka ku khoti la malo ndi maudindo, mabuku omwe adawalemba sagwirizana paliponse, ndipo kuika dzina limodzi patsogolo pa linzake ndi kuweruza mlandu womwe si wathu. M'tebulo mukhala liwu loti faʻalupega ndi kufotokoza kwake basi.

Mawu a mwambo wa ʻava alowa 26, ndipo tawasanja motsata momwe mwambo umayendera, osati mwa alifabeti. Muzu wouma umasinjidwa, n'kusakanizidwa ndi madzi mu tānoa, mbale yamtengo ya miyendo yambiri. Wosakaniza, kawirikawiri taupou, namwali wa udindo wa pamudzi, amasefa ndi luzi la fau. Wina amaitana mokweza yemwe chikho chikupita kwa iye, ndipo tautū amachipereka. Wolandira amathira timadontho pansi, amati manuia, ena n'kuyankha soifua. Ndondomeko ya zikho ndiyo ndondomeko ya ulemu. Pokhala napo n'chimodzimodzi: aliʻi aakulu pa nsanamira za kumapeto kwa nyumba, tulāfale kutsogolo, okonza ʻava kumbuyo. Popanda chithunzi cha nyumba yoonedwa kuchokera pamwamba mawuwa samveka, ndiye chikujambulidwa.

Sabata yakhumi

Matanthauzo atatu akonzedwa. ʻIe tōga tidalemba mkeka, koma palibe amaukhalira kapena kugonapo. Ndi nsalu yolukidwa ndi timizere tating'ono kwambiri ta masamba a lauʻie, imatenga miyezi kapena zaka, ndipo ndi chuma chopatsana pa ukwati, pa maliro, ndi pa ifoga, pomwe olakwa amakhala panja pa nyumba ya olakwiridwa atadzifunditsa nayo mpaka atakhululukidwa. Mkeka wokhalira ndi fala. Kamzere ka pa ō kasasowe, poti Toga ndi dziko la Tonga.

Koko tidalemba ngati koko wathu wokumba pansi. Wa Asamoa ndi chakumwa cha nthanga za mtengo wopangira chokoleti, zokazinga ndi kusinja. Chomera chomwe ife timati koko iwo amati talo, ndipo masamba ake anthete okulungidwa ndi mkaka wa kokonati, peʻepeʻe, n'kuphikidwa pa miyala yamoto ya umu, ndiwo palusami.

Faʻalavelave kwenikweni ndi chododometsa, ndipo imayandikana ndi momwe timanenera kuti kwagwa zovuta. Kusiyana kwake n'kwakuti imaphatikiza ukwati, kutsegulira tchalitchi, ndi saofaʻi, mwambo wolonga matai, chilichonse chomwe banja lonse, mpaka a ku Auckland ku New Zealand, liyenera kusonkhera ndalama, chakudya ndi ʻie tōga.

Pofika lero mizere 940 yawunikidwa ndi wolankhula Chisamoa, 610 ili ndi mafayilo onse awiri, a t ndi a k. Mapu a Upolu ndi Savaiʻi atha, a Tutuila akudikira kuwunika zizindikiro pa mayina a midzi. Mawu a usodzi ndi a kumanga nyumba sadayambidwe. Pa kumanga pakufunika tufuga, mmisiri weniweni, chifukwa nsichi iliyonse ndi mfundo iliyonse ya chingwe cha ʻafa ili ndi dzina lake, ndipo olankhula athu atatu avomera kuti sawadziwa onse. Mawu a palolo, nyongolotsi ya m'matanthwe yomwe imatuluka usiku mu Okutobala kapena Novembala patapita pafupifupi sabata mwezi utakhala wathunthu, tidzawajambula nyengo yake ikafika. Sabata yamawa ndi ya Manuʻa, ndipo tikufuna wolankhula wachinayi wochokera ku Taʻū.